MGB ya 1969: inabwera ndi vuto lozima, koma nthenda inali pansi pa zitseko

Galimoto ndi MGB yopanda denga, ya anthu awiri, yopangidwa mu 1969 pa fakitale ya MG ya ku Abingdon, kufupi ndi Oxford. Injini ndi ya masilinda anayi, 1,798cc, yokhala ndi makabuleta awiri a kampani ya SU. Giyabokosi ndi ya magiya anayi, ndipo ili ndi overdrive, giya yowonjezera yochepetsa kuzungulira kwa injini poyenda mtunda wautali, imene imalowa pa giya yachitatu ndi yachinayi. Mabampa ndi achitsulo chonyezimira, poti akuda a labala aja anayamba kumapeto kwa 1974. Mabatire ndi awiri, a 6 voti iliyonse, obisika kuseri kwa mipando. Galimoto za mtunduwu zinapangidwa zoposa 500,000 kuyambira 1962 mpaka fakitale itatsekedwa mu 1980, n'chifukwa chake zipangizo zake sizivuta kupeza kuno ku Mangalande mpaka lero.

Eni ake ndi bambo achikulire, Angerezi, amene anali atangopuma pa ntchito. Anaigula kwa munthu wamba, osati kwa ogulitsa galimoto, itapakidwa penti yofiira yatsopano yowala kwambiri. Anabwera nayo pa galaja yaing'ono imene ndimagwirako ntchito ndi dandaulo limodzi lokha: ikayenda kamtunda ndithu, injini itatentha, imayamba kutsokomola kenako n'kuzima. Akaima m'mbali mwa msewu kwa kanthawi, imaliranso ngati palibe chachitika. Makaniko wina anali atasintha kale koyilo, mapulagi ndi kondensa, koma vuto osachoka.

Kufufuza kuzimako

Pa galimoto zakale za ku Britain anthu amathamangira kunamizira zamagetsi za Lucas, kampani imene inkapanga zipangizo zamagetsi za galimotozi. Nthawi zina amakhala akulondola, koma kusintha zinthu mongopenekera kumangotha ndalama za mwini. Chofunika poyamba n'kudziwa ngati injini ikusowa moto kapena ikusowa petulo, ndipo MGB imakuuza yokha ukamayang'ana geji yowerenga liwiro la injini. Gejiyi imatenga uthenga ku waya wa koyilo. Ngati vuto lili pa magetsi olowa ku koyilo kapena pa mapointi, muvi umagwa pa ziro nthawi yomweyo, ngakhale galimoto ili m'giya ndipo injini ikuzungulirabe. Ngati ndi petulo, muvi umatsika pang'onopang'ono pamodzi ndi injini. Ndinatuluka nayo eni ake atakhala pambali. Itayamba kutsokomola, muvi unatsika mwaulesi, ndipo kumbuyo pampu ya petulo inkagogoda mofulumira osalekeza. Pampu ya SU ikakhala bwino imagogoda kangapo ukangotembenuza kiyi, n'kukhala chete makabuleta akadzaza. Ikamagogoda mosalekeza ndiye kuti ikukoka mpweya kapena sikupeza chokoka.

Titabwerera ndinavula paipi yolowa ku makabuleta n'kuilozetsa m'botolo loyera. Pampu yabwino imafunika kutulutsa pafupifupi theka la lita pa mphindi imodzi, mosadukiza. Iyi inayamba bwino, kenako petulo anayamba kubwera ndi thovu, n'kuchepa mpaka kumangodontha. Pansi pa botolo panakhala tinthu tofiirira ngati fumbi la njerwa, ndi timadontho ta madzi tikugudubuzika patokha. Nditatsegula timakapu ta petulo ta m'mbali mwa makabuleta, timene chivindikiro chake chimagwidwa ndi tisikulu titatu, ndinapeza matope ofiira omwewo.

Apa nkhani inali itadziwika. Thanki ya MGB imamangidwa kunsi kwa buti, ndipo pakati pa denga la thanki ndi pansi pa buti pamatsala mpata umene umasunga fumbi ndi chinyontho. Thanki imadyeka kuyambira pamwamba, pamene diso silifika. M'kati namo, galimoto ikakhala miyezi yambiri thanki ili theka, mpweya wonyowa umasanduka madzi n'kuyambitsa dzimbiri. Poyenda, pampu inkakokera zinyalala zija pakamwa pa paipi mpaka kutseka. Injini ikazima zinyalala zinkagwa, njira n'kutsegukanso. N'chifukwa chake kuima m'mbali mwa msewu kunkaoneka ngati mankhwala.

Eni ake anafunsa ngati wolakwa ndi petulo watsopano. Kuyambira mu September 2021 petulo wamba ku England, Scotland ndi Wales ndi E10, wosakaniza ndi ethanol mpaka 10 peresenti, ndipo eni galimoto zakale amamuda kwambiri. Zoona zilipo: ethanol amakoka madzi, ndiponso amaononga mapaipi a labala akale. Koma ine ndinakulira kumene petulo wosakaniza si nkhani yachilendo. Ku Malawi anayamba kusakaniza mu 1982, ndi ethanol wochokera ku mizimbe ya ku Dwangwa, ndipo galimoto za makabuleta zinkayenda naye tsiku ndi tsiku. Kusiyana n'kwakuti kwathu galimoto siigona. Kuno galimoto yotere imatsekeredwa kuyambira October mpaka April, petulo yemweyo ali m'thanki. Ndinawalangiza kuti azithira E5, wa ethanol wosaposa 5 peresenti, amene amapezekabe pa pampu ya petulo wodulirapo, ndipo akafuna kuisungitsa azidzaza thanki.

Zimene zinaoneka titaikweza

Kuti titsitse thanki tinayenera kukweza galimoto. Ndisanaike galimoto yakale pa chokwezera ndimayamba ndagwira pamalo pamene jeke wa galimotoyo amalowa, kachitsulo kozungulira kowotcherera pansi pa chitseko. Kumbali ya dalaivala kachitsuloko kanali katapindikira m'mwamba, kulowa m'thupi la galimoto. Wina anakwezapo, chitsulo n'kugonja.

Ndinabwerera m'mbuyo n'kuyang'ana zitseko. Mpata wa pakati pa chitseko ndi thupi umafunika kukhala wofanana kuchokera pansi mpaka pamwamba. Apa unali wotakasuka pansi, wothina pamwamba chakumbuyo, ndipo penti yatsopano ija inali itayamba kale kukalika pakona. Nditakweza kumbuyo pang'ono mpata uja unasintha ndikuona, chitseko n'kuyamba kukana kutseguka. Galimoto inali ikupindika pakati.

Pano m'pofunika kufotokoza mmene MGB inapangidwira. MGA, imene inaitsogolera, inali ndi chesisi payokha, thupi n'kumangidwa pamwamba. MGB ilibe chesisi yotero. Thupi lomwelo ndilo limanyamula injini, masipuling'i ndi anthu. Mtundu wa GT, umene unatuluka mu 1965, uli ndi denga lothandiza kugwira kutsogolo ndi kumbuyo. Yopanda denga imadalira ngalande ya pakati pa mipando ndi mitanda iwiri ya pansi pa zitseko, imene kuno amaitcha ma sill. Mtanda uliwonse ndi bokosi la zitsulo zinayi. Chakunja ndi chimene timachiona chitapakidwa penti. Pakati pali chitsulo choimirira chogawa bokosilo pawiri, ndipo mphamvu zambiri zili pamenepo. M'kati muli china chimene chimaoneka ukachotsa kapeti, ndipo kunsi kuli chachinayi chotseka bokosi, chotchedwa castle rail. Bokosili silithera pamene chitseko chathera. Limapitirira kutsogolo kuseri kwa madigadi, ndi kumbuyo mpaka pafupi ndi tayala, ndipo nsonga ziwiri zobisikazo ndi zimene zimayamba kuola.

Choziolesa ndi mchere. M'nyengo yozizira amathira mchere m'misewu kuti madzi asaundane, tayala lakutsogolo limaponya matope amcherewo kuseri kwa madigadi, ndipo amakhala momwemo chaka chonse ali onyowa. Pa fakitale m'kati mwa mabokosiwa simunkatetezedwa mokwanira. Kunsi kuli timabowo totulutsira madzi, koma pa galimoto iyi wina anapaka phula lakuda lokhuthala pansi ponse, timabowo tonse n'kutsekeka.

Ndinatenga maginito kakang'ono, n'kukakulunga m'kansalu kuti kasakale penti, n'kuyamba kukayendetsa. Pa chitseko kankamata bwino. Pansi pa madigadi yakumbuyo, kutsogolo kwa tayala, kanagwa pansi. Panalibe chitsulo, panali bodefila yekhayekha. Pa mtanda weniweni kankamata, koma nditagwada n'kuunika ndi tochi ndinaona milomo iwiri ya chitsulo pamene pamafunika umodzi. Anangoveka chitsulo chatsopano chopyapyala pamwamba pa chovunda, n'kudontheza moto m'mbali apa ndi apo. Eni ake atavomera, ndinadula kawindo kakang'ono ngati chikhatho. Zimene zinagwa pansi zinadzaza fosholo: makoko a dzimbiri, matope ouma, ndi nyuzipepala yofinyafinya imene anatsekera bowo kuti bodefila apeze pogwira. Chitsulo chapakati chija, kutsogolo kwake kunalibe n'komwe. Mtandawo unali ngati mzati umene chiswe chadya m'kati n'kusiya khungwa. Mbali inayo inali yabwinoko pang'ono, koma nayonso sikuludiraiva inalowa popanda kukankha kwenikweni.

Bambo aja anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati wogulitsa anawauza monyadira kuti galimotoyi siifunika MOT, kuyeza kwa chaka ndi chaka koona ngati galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Sanawanamize. Kuyambira mu May 2018, galimoto yoposa zaka 40 imene siinasinthidwe kwambiri siikakamizidwa kukayezedwa chaka ndi chaka. Lamulo lomwelo limati mwini ayenera kuonetsetsa kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, koma mbali imeneyi ogulitsa saitchula. Ineyo lamuloli sindigwirizana nalo. Anaganiza kuti eni galimoto zakale amazisamala, ndipo ambiri amaterodi, koma amasamala zimene akuziona. Woyeza MOT aliyense akanagogoda mtanda uwu kamodzi kokha akanailepheretsa.

Kugwirizana ndi eni ake

Iwo anali atabwera ndi ndalama zimene anasungira zinthu zina. Ankafuna hedi, chigawo cha injini chovindikira masilinda, yosinthidwa kuti izigwirizana ndi petulo wopanda mtovu, zoyatsira injini zamakono zochotsa mapointi, ndi mawilo a masipoko. Ndinawauza kuti, "Bambo, zonsezo n'zabwino, koma galimoto ikagundidwa m'mbali lero, palibe chokutetezani. Ndalamazi ziyambe zapita pansi, kenako ku mabuleki, kenako ku petulo. Injini idikire, ilibe mlandu."

Njira zinali ziwiri. Kampani ya British Motor Heritage imapanga matupi atsopano a MGB kuyambira mu 1988, ndi makina osindikizira zitsulo omwe ankagwiritsidwa ntchito kalelo. Munthu angathe kugula thupi lathunthu n'kusamutsiramo zonse. Koma ukaphatikiza thupi, penti ndi ntchito yosamutsa, ndalama zimapitirira mtengo wa galimotoyo pamsika. Njira imeneyo imayenera pamene zonse zapita. Ndinayeza malo ena amene amaweruza nkhaniyi: pamene masipuling'i akumbuyo amagwira, mabokosi a mabatire, pansi pa buti, ndi pamwamba pa madigadi amkati. Onsewa anali olimba, kupatula pansi popondapo dalaivala, m'mphepete, pamene panafunika chigamba. Tinagwirizana zokonza thupi lomwelo.

Ntchito ya mitanda

Tinachotsa mipando, makapeti, mabatire ndi thanki. Mapaipi a petulo ndi a mabuleki komanso mawaya amadutsa kunsi mbali ya kumanja, ndiye tinawamasula n'kuwasunthira kutali ndi moto. Madigadi akutsogolo amamangidwa ndi mabauti, tinawachotsa. Akumbuyo ndi owotcherera, choncho tinadula chidutswa cham'munsi kuti nsonga ya mtanda ionekere.

Zitseko sitinachotse. Ambiri amazichotsa kuti apeze malo ogwirira ntchito, koma chitseko ndicho muyezo wako. Tinayamba takonza mahinjesi kuti chitseko chigwirizane bwino ndi mzati wakutsogolo, kenako tinaika galimoto pa zochirikiza n'kumakweza pakati pang'onopang'ono mpaka mpata wakumbuyo unawongoka. Pamenepo tinawotcherera zitsulo zopingasa m'kati, kuchokera ku mzati wakutsogolo kukafika wakumbuyo, kuti thupi lisasunthenso. Ndipo tinagwira mbali imodzi kaye. Ukadula mbali zonse nthawi imodzi galimoto imagwa pakati, ndipo sudzapezanso pomwe inali.

Pa fakitale zitsulozi anazilumikiza ndi timadontho ta moto tambirimbiri. Kadontho kalikonse kamafunika kuboola pakokha, mosamala kuti chitsulo chotsalacho chisabooke. Ndi ntchito yotopetsa, ndipo ndi imene imasiyanitsa mtengo wa kukonza kwenikweni ndi wa kungoveka. Zitsulo zatsopano tinaziyesa zonse zinayi pamodzi tisanayatse moto, titazigwira ndi zopanira ndi tisikulu, kutseka chitseko, kuyang'ana mpata, kumasula, kusema pang'ono, kubwezeranso. Ngakhale zitsulo zabwino sizilowa zokha m'galimoto imene yakhala ikupindika kwa zaka. Malo olumikizana tinawapaka mankhwala a zinki amene amalola moto kudutsa. Tinaboola timabowo motsatizana pa mlomo wa chitsulo chatsopano n'kumadzaza kabowo kalikonse ndi moto, modumphadumpha, kuti kutentha kusaunjikane pamodzi n'kupinda chitsulo. Kachitsulo ka jeke tinaikanso katsopano, pamodzi ndi cholimbitsa chake cham'kati.

Penti itauma, tinapopera sera yamadzimadzi m'mabokosi onse awiri, mbali zonse za chitsulo chapakati chija, mpaka inayamba kudontha pa timabowo ta kunsi. Sera imabwera pomaliza. Ukaipopera usanapente penti siigwira, ndipo ukaipopera usanathe kuwotcherera imayaka.

Mabuleki, matayala ndi kutsogolo

MGB ya chaka chimenechi yogulitsidwa kuno ku Britain ili ndi njira imodzi yokha ya mafuta a mabuleki. Paipi imodzi ikaphulika, mawilo onse anayi amataya buleki nthawi imodzi. Paipi yodutsa pa ekiselo yakumbuyo inali itadyeka kwambiri, ndipo silinda ya wilo lakumanzere inkadontha mpaka kunyowetsa mashuzi. Tinasintha mapaipi onse ndi a mkuwa wosakaniza ndi nikelo, amene sachita dzimbiri, tinasinthanso a labala, masilinda akumbuyo ndi mashuzi, n'kuthira mafuta atsopano.

Matayala ankaoneka ngati atsopano, mano onse ali pomwepo. Koma nambala ya tsiku lopangidwa, imene imalembedwa m'mbali, inali ya manambala atatu. Kuyambira mu 2000 imakhala ya manambala anayi, awiri a sabata, awiri a chaka. Matayalawa anali a zaka za m'ma 1990 kapena kale kuposa apo, labala itauma gwa. Onse asanu anapita.

Kutsogolo, mawilo amatembenukira pa tizitsulo toimirira totchedwa ma kingpin, amene amafuna girizi pa mamailosi 3,000 aliwonse. Ena mwa timabowo ta girizi anali atatsekeka ndi girizi wakale wouma. Titatsegula n'kupopera mpaka watsopano atatulukira mbali ina, kugwedera kunali kochepa, kololeka. Mashoko a Armstrong sankadontha, tinangowonjezera mafuta.

Petulo ndi injini

Thanki tinaika yatsopano, titapaka pamwamba pake penti ndi sera. Mapaipi onse a labala tinaika a muyezo wa R9, opirira ethanol. Pampu tinaimasula, kuitsuka n'kusintha mapointi ake. Makabuleta tinawatsuka, kusintha tisingano totseka petulo, kuthira oyilo m'timitu tawo, n'kuwalinganiza pomvetsera kapaipi pakamwa pa iliyonse mpaka mluzu wake unafanana. Tinaikanso sefa yoonekera m'kati pafupi ndi makabuleta, kuti eni ake aziona okha ngati zinyalala zabwerera.

Injini sitinaitsegule. Masilinda onse anayi ankapanikiza mofanana, ndipo geji ya oyilo inkaonetsa kupitirira 50 poyenda injini itatentha, zimene n'zoyenera. Tinachuna mavalavu pa 0.015 ya inchi injini ili yozizira, mapointi pa 0.015, mapulagi pa 0.025. Chokhacho chimene tinasintha ndi kavalavu ka madzi a hita. Pa MGB kamakhala pamwamba penipeni pa distibyuta, ndipo kakayamba kudontha madzi amagwera pa chivindikiro chake. Apa panali kale kamzere kobiriwira kosonyeza kuti kayambapo. Kakanasiyidwa, kakanabweretsa kuzima kwina, kwa magetsi tsopano, eni ake n'kumati sitinakonze.

Za hedi ndinawauza kuti adikire. Petulo wa mtovu anasiya kugulitsidwa pa mapampu wamba kuno kumayambiriro kwa 2000, ndipo n'zoona kuti popanda mtovu mipando ya mavalavu a utsi imatha kudyeka pa hedi yachitsulo ngati iyi. Koma zimachitika makamaka galimoto ikamathamangitsidwa kwambiri mtunda wautali. Kwa munthu woyenda mofatsa Loweruka ndi Lamlungu, n'kokwanira kuthira mankhwala owonjezera m'petulo ndi kuyeza mpata wa mavalavu chaka chilichonse. Mpata ukayamba kuchepa pa mavalavu a utsi okha, nthawi yochotsa hedi yakwana, ndipo pamenepo tidzayang'ananso mng'alu umene umakonda kubwera pakati pa silinda yachiwiri ndi yachitatu.

Zotsatira ndi zotsala

Tinaiyendetsa mtunda woposa umene inkazimira, m'tauni ndi mumsewu waukulu, overdrive ikulowa ndi kutuluka bwino. Siinatsokomole. Chimene eni ake anazindikira msanga si injini koma thupi: kugwedera kwa chiwongolero ndi galasi lakutsogolo podutsa pa mabampu, kumene ankati ndi khalidwe la galimoto zakale, kunali kutatha, ndipo zitseko zinkatsekeka ndi chala chimodzi. Tinaipititsa kukayezedwa MOT ngakhale lamulo silikakamiza, ndipo inakhoza. Woyeza anangolemba chenjezo la oyilo wodontha pang'ono pakati pa injini ndi giyabokosi. Ameneyo tamusiya, chifukwa kuti ufike pamenepo uyenera kutulutsa injini, ndipo tidzachitira limodzi ndi kilachi ikadzatha.

Zatsala zinthu zitatu. Chitseko cha dalaivala chili ndi kamng'alu pafupi ndi kawindo kakang'ono kakutsogolo, vuto lodziwika pa MGB, ndipo kadzafuna kuwotcherera kasanatalike. Zolumikizira mawaya za kuseri kwa girilu zachita dzimbiri, tazitsuka koma zidzafunika kusintha. Mawilo a masipoko aja sanagulidwe, ndalama zake zinalowa pansi pa zitseko. Galimoto idzabwera kumapeto kwa September, isanatsekeredwe, kuti tidzapopere girizi kutsogolo, kuyeza mavalavu, ndi kutokosa timabowo ta madzi ndi waya kuona ngati sera sinatitseke.